Kangalawa ka Bluenose: mmene kalili patapita miyezi chikamalizireni

Ndemanga zambiri za ma kit, mabokosi a zipangizo zodzipangira wekha tingalawa tamatabwa tachitsanzo, zimalembedwa tsiku lotsegula bokosi, munthu akadali kununkhiza timatabwa ndi kuwerenga timatumba ta zitsulo. Tsiku limenelo kit iliyonse imaoneka yabwino. Yangayi ndikulemba kangalawa katakhala kale pa shelefu miyezi yambiri, katadutsa m'nyengo ya chinyezi ndi yowuma yomwe, chifukwa apa ndi pamene matabwa, guluu ndi ulusi zimayamba kuulula zomwe zinabisa.

Ndinapanga kangalawa kotsanzira Bluenose, ngalawa ya milongoti iwiri yomwe inakhomedwa ku Lunenburg, m'chigawo cha Nova Scotia ku Canada, m'chaka cha 1921. William Roué anaijambula kuti izigwira ntchito ziwiri: kupha nsomba ku Grand Banks, dera la nyanja la kum'mawa kwa Canada, ndi kupikisana pa liwiro ndi ngalawa za asodzi a ku America. Inamira pafupi ndi Haiti mu 1946, koma chithunzi chake chili pa kandalama ka masenti 10 ka ku Canada kuyambira 1937. Kwa woyamba kumene imaoneka ngati chisankho chanzeru, poti zingwe zake ndi zochepa poyerekeza ndi zimphona zankhondo ngati HMS Victory ya ku Britain, za milongoti itatu ndi mizinga yoposa 100. Koma pali msampha. Ngalawa ya liwiro thupi lake ndi lowonda, losalala, lopanda zokongoletsa zobisira zolakwika. Kabampu kalikonse kamaonekera patali, makamaka mukapaka penti yake yakuda.

M'bokosi mumabwera msana ndi nthiti za plywood zodulidwa ndi laser, mitolo ya timatabwa tatitali topyapyala, ndodo za milongoti, ulusi, nsalu ya matanga, tizitsulo ndi mapulani. Mapulaniwo ndilibe nawo chifukwa, ndi ojambulidwa bwino ndipo miyezo yake ndi yoona. Kabuku ka malangizo ndiye kamandikwiyitsabe mpaka lero. Ntchito yomwe imalamula maonekedwe a ngalawa yonse, yosema m'mphepete mwa nthiti kuti thabwa likapindika lizigona bwino pa nthiti iliyonse, kabukuko kanaipatsa mizere iwiri basi, pamene kumata nangula kanakupatsa zithunzi. Ine ndinakhalitsa pa nthitizo ndi sandipepa womata pa kathabwa, n'kumayesa ndi kathabwa kopyapyala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, pena kuchotsa, pena kuwonjezera kachidutswa pomwe panali dzenje. Inali ntchito yotopetsa, yosasangalatsa m'maso, ndipo aliyense wobwera ankafunsa ngati ndikupanga mafupa a nsomba. Lero thupi la kangalawako lili see, mzere wake sunasinthe ngakhale pang'ono. Mwaye wakuda womwe laser imasiya m'mphepete uyeneranso kuchoka, chifukwa guluu sagwira bwino pa makala.

Pokhoma timatabwa, chofunika kudziwa n'chakuti mimba ya ngalawa ndi yotakata pakati kuposa kumapeto, choncho thabwa lililonse liyenera kusongoledwa kuti onse akwane. Ndinkawanyika m'madzi ofunda, kuwapinda ndi chitsulo chotentha, n'kuwasiya aume ali pamalo pake ndisanamate. Kudikira kumeneku kwandilipira. Thabwa limafufuma m'lifupi likamwa madzi ndipo limabwerera likauma. Mukalimata lili lonyowa, mpata umadzatseguka patapita masabata, penti itapakidwa kale. Mbali zonse ziwiri zilibe mng'alu. Pomwe paoneka kamzere kopyapyala ngati tsitsi ndi kumbuyo kwenikweni, pomwe matabwa amapotoka kwambiri, ndipo kamatseguka kunja kukauma n'kutsekekanso chinyezi chikabwera. Sindikukakhudza. Ndi khalidwe la mtengo.

Nkhani ya guluu ndi yomwe miyeziyi yaweruza momveka. Paliponse pomwe ndinagwiritsa guluu woyera wa matabwa, uja amati PVA, pali nganganga. Amachedwa kuuma, amafuna mapini ndi mapegi, koma amalola thabwa kupuma. Super glue ndinamugwiritsa pa tizitsulo, monga mmene kabuku kananenera, ndipo pa zitsulo wagwira. Kabuku komweko kanalangizanso kudonthezera super glue pa mfundo za zingwe kuti zisamasuke, ndipo pamenepa ndikutsutsana nako kotheratu. Ulusi ukamwa guluu ameneyu umauma gwa, sumapindikanso, ndipo umathyoka pomwe pathera guluupo. Zingwe ziwiri zakutsogolo zaduka chonchi popanda wozikhudza. Mfundo zomwe ndinapaka PVA wosungunula ndi madzi zili bwinobwino, ndipo zikafuna kukonza mumangonyowetsa n'kumasula. Onjezerani kuti nthunzi ya super glue imasiya zoyera mbuu pa penti yakuda komanso imayabwa m'maso ndi m'mphuno.

Ulusi wa m'bokosi ndi chinthu chofooka kwambiri pa kit yonseyi. Ndi waubweya, ndipo ubweyawo ndi umene umakola fumbi. Ambiri amaudutsitsa pa phula la njuchi kuti ugone. Ndinachita chomwecho pa zingwe zina, ndipo zinaoneka bwino poyamba, koma pano ndi zomwe zadetsedwa kuposa zinzake, poti phula limamata. Ulusi wa thonje umamveranso nyengo mosiyana ndi mmene munthu angaganizire: kukakhala chinyezi umakungika, kukauma umalekerera n'kukhala lende. Mukamanga zingwe zolimba kwambiri tsiku louma, chinyezi chikafika zimakoka mlongoti. Timilongoti tapamwamba ndi topyapyala zedi, sitichedwa kugonja. Zingwe zomwe ndinasintha n'kuika ulusi wa polyester wopotedwa ngati chingwe chenicheni sizinasunthe. Mukagula kit iyi, ikani padera maganizo ogula ulusi wina. Ndi kusintha kwakung'ono koma kumaoneka kuposa china chilichonse.

Timakwerero ta zingwe topita pamwamba pa mlongoti, tija mumamanga mfundo imodziimodzi mazanamazana, tinanditengera madzulo ambiri. Sindinena zambiri; tagwira, ndipo palibe njira yachidule yomwe ndaiona ikuoneka bwino.

Matanga ndinawasoka koma sindinawapachike onse. Vuto ndi sikelo, kutanthauza kuchepa kwa kangalawa poyerekeza ndi ngalawa yeniyeni. Pa 1:64, mwachitsanzo, mita imodzi imasanduka pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, munthu wamkulu sakwana masentimita atatu, ndiye nsalu wamba imakhala yokhuthala mopitirira muyezo, ndipo msoko wa makina umaoneka waukulu kuposa dzanja la msodzi. Bluenose inkadziwika ndi thanga lake lalikulu lakumbuyo, motero ndimamvetsa amene safuna kulisiya. Ine ndinasankha kuwakulunga pa mitanda yake, nditachepetsa nsalu kuti mpukutu usanenepe. Ubwino wina womwe sindinauganizire nthawiyo: nsalu yokulunga sigwira fumbi lambiri ndipo sichita chikasu msanga.

Ndodo imodzi ya mlongoti inabwera yokhota pang'ono. Musalimbane nayo poiwongola ndi madzi, imabwerera. Igubuduzeni pa galasi musanayambe kuisema, ikakhala yokhota pezani ina.

Tizitsulo ta mkuwa tomwe sindinapake vanishi tazilala, ndipo kunena zoona ndikutikonda chonchi kuposa mmene tinkanyezimira. Ngalawa ya asodzi si ya zonyezimira. Tizitsulo totuwa toumba tili bwino. Amene mwapatsidwa kit yakale kwambiri samalani, chifukwa zakale zina zinali ndi mtovu, ndipo mtovu ukatsekeredwa m'bokosi momwe muli nthunzi ya asidi yochokera ku mitengo ina monga oak umasanduka ufa woyera n'kuyoyoka.

Chomwe kabuku sikatchula n'komwe ndi moyo wa kangalawa kakatha. Popanda bokosi loonekera mkati, fumbi limakhala pa chingwe chilichonse, akangaude nawo amapeza milongoti yomangidwa kale. Kupukuta ndi nsalu n'kosatheka. Ndimagwiritsa kaburashi kofewa kopentera zithunzi ndi kupemerera pang'onopang'ono, ndipo ulendo uliwonse mtima umakhala m'mwamba. Bokosi la galasi kapena la pulasitiki yoonekera liwerengereni ngati gawo la ntchitoyi, ndipo yezani malo musanagule kit, chifukwa mlongoti ndi mtengo wotulukira kutsogolo uja zimadya malo kuposa thupi. Dzuwa la pawindo nalo ndi mdani: limazilalitsa penti yofiira ya pansi ndi kuumitsa matabwa mbali imodzi.

Kodi ndingalangize wina kugula? Inde, ngati munagwirapo mpeni wakuthwa, tupa ndi sandipepa, ndipo mungapirire masabata ambiri musanaone chinthu chooneka ngati ngalawa. Ngati simunapindepo thabwa chibadwire, yambani ndi kabwato kakang'ono ka matabwa ochepa, monga timabwato ta dory tomwe asodzi a Bluenose ankatsika nato pokaponya mbedza. Mudzaphunzira kusongola ndi kupinda pa chinthu chomwe chimatha msanga. Kwa ine, matabwa ndi mapulani a kit iyi apambana mayeso a miyeziyi, kabuku ndi ulusi zalephera. Zingwe ziwiri zoduka zija ndizimanganso ndi polyester, ndipo ndidikira tsiku lomwe kunja kuli pakatikati, kosauma kwambiri komanso kopanda chinyezi chambiri.