Miyezi isanu ndi iwiri ndi laputopu iyi: WiFi yake inandizunguza mutu

Miyezi itatu yoyamba ndinalibe chodandaula. Laputopuyi ili ndi Wi-Fi 6, mtundu wa WiFi wothamanga, ndipo pa 5 GHz (imodzi mwa mafirikwensi amene WiFi imagwiritsa ntchito, ina ndi 2.4 GHz) inkathamanga ngati yalumikizidwa pa chingwe. Mavuto anayamba m'mwezi wachinayi. Ndili pakati pa msonkhano wa pavidiyo, nkhope za anzanga zinkangouma gwa, mawu n'kudukaduka, kenako zonse n'kubwerera ngati palibe chachitika.

Poyamba mlandu ndinaupereka kwa rauta, kabokosi kogawa WiFi. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso kambirimbiri, ndinayesa matchanelo 1, 6 ndi 11 pa 2.4 GHz, poti atatu okhawa ndi amene salowererana. Ayi ndithu. Koma foni, itagona patebulo lomwelo, intaneti yake inali bwinobwino. Rauta ndinkainamizira.

Speed test sinandithandize kwenikweni, chifukwa imayeza njira yonse mpaka ku seva yakutali, pomwe ine ndinkafuna kaulendo kochoka pa laputopu kukafika pa rauta basi. Ndiye ndinasiya ping, lamulo lotumiza timauthenga n'kuyeza nthawi imene yankho likubwera, ikugogoda pa adiresi ya rauta osalekeza. Mayankho ankabwera mu mamilisekondi 2 kapena 3, kenako zii. Ndinaika driver yatsopano (pulogalamu yoyendetsa khadi la WiFi), ndinaletsa Windows kuzimitsa khadi la WiFi posunga batire, ndinachotsanso hard disk ya USB 3.0, chifukwa phokoso lake limasokoneza 2.4 GHz. Zinachepa pang'ono, koma sizinathe.

Chenicheni ndinachipeza mwangozi. Tsiku lina ndinali nditalemba netsh wlan show interfaces, lamulo la Windows loonetsa mphamvu ya siginolo, dzuwa likundithobwa m'maso, ndiye ndinakankhira sikirini chakumbuyo. Nditalembanso lamulo lija, siginolo yatsika kuchoka pa 90% kufika pa 40%. Ndinaibweza kutsogolo, inakweranso. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi, ngati mwana wapeza chidole.

Anthu ambiri sadziwa kuti ma antena a laputopu nthawi zambiri amakhala m'chivundikiro cha sikirini. Timawaya tiwiri topyapyala timadutsa m'hinji kupita pa khadi. Wokonza atatsegula, anapeza kamodzi katakokeka, kakungolendewera pamalo pake. Anakakanikiza ndi chala, kanalira "tcha", n'kukakonza bwino kuti hinji isamakakokenso.

Papita miyezi iwiri tsopano osadukanso. Laputopuyi ndimaikondabe, ngakhale hinji yake ndi yolimba mopitirira muyeso, ndipo masiku ano ndimaitsegula ndi manja awiri.