Kashopu kobenera mafilimu pa Kamuzu Road

Amene muli ku Salima kuno, kashopu kobenera mafilimu ka pa Kamuzu Road kaja musakaderere, mnyamata wake amasunga ndi mafilimu akalekale opanda mawu omwe. Anandiikira mu fulashi filimu ya 1924 ya F. W. Murnau, wopanga mafilimu wa ku Germany, yotchedwa Der letzte Mann, ya mdala wolandira alendo pakhomo la hotela amene anamulanda yunifolomu n'kumutumiza kokagwira ku zimbudzi. Abale, Murnau sankafuna zolembalemba pa sikirini, ankafuna kamera iziyenda n'kumafotokoza yokha nkhani, mdalayo ataledzera chithunzi nachonso chimazungulira, ndiye sipafunikanso DJ womasulira, chisoni chake chimakufikani basi. Zithunzi zikuoneka bwino, mtengo ndiwabwinonso, koma kompyuta yake imachedwa heve, pitani muli ndi nthawi.