Recursion, binary lifting kapena Euler tour: iti ikupezereni kholo la ma node awiri?

Anzanga olemba mapulogalamu, funso la lowest common ancestor (kholo lapafupi kwambiri la ma node awiri) lili ngati la achibale awiri okumana pamaliro n'kumafunsana kuti magazi awo akukumana pa agogo ati. Mu binary tree, mtengo wa data momwe node (mfundo) iliyonse imakhala ndi ana osaposa awiri, tikufuna node yotsikitsitsa imene ma node awiri, p ndi q, onse anachokerako.

Ambiri timayambira pa recursion (function yodziitana yokha), makamaka pa funso nambala 236 la LeetCode, webusaiti yoyesererapo kulemba mapulogalamu. Mumatsika kumanzere ndi kumanja, ndipo node yomwe yalandira yankho mbali zonse ziwiri ndiyo khololo. Mizere yake siikwana khumi, nthawi ndi O(n), kutanthauza kuti imakula molingana ndi n, chiwerengero cha ma node. Koma ili ndi misampha. Mtengo ukatalika ngati chingwe, Python imakuimitsani pa malire ake a kuya kwa recursion, omwe ndi 1000. Msampha wina ngwobisika: q akakhala kuti mulibe mumtengomo, pulogalamu imangobweza p mwakachetechete, inu n'kumati zatheka. Mtengo ukakhala binary search tree (manambala aang'ono kumanzere, aakulu kumanja), musadzivute n'komwe: tsikani kuchokera pa root, node yapamwamba penipeni, pomwe p ndi q apatukirana ndi pomwepo.

Mafunso akachuluka, kuyenda mtengo wonse pa funso lililonse n'kutaya nthawi. Apa m'pomwe binary lifting imandikomera. Node iliyonse imasunga kholo lake la masitepe 1, 2, 4, 8 mpaka m'mwamba. Funso likabwera, mumakweza node yakuya kuti zonse zikhale pa mlingo umodzi (zikakumana pomwepo, node imeneyo ndiyo khololo), kenako mumazidumphitsa limodzi, kuyambira dumpho lalikulu, bola zisakumane. Madumpho akatha, khololo lili sitepe imodzi pamwamba. Yankho limatenga O(log n), ndipo pa ma node 100,000 tebulo limasunga manambala pafupifupi 1.7 miliyoni. Kuwonjezera tsamba (node yopanda ana) latsopano sikugwetsa tebulolo.

Euler tour (mndandanda wa ma node momwe mwawadutsira pozungulira mtengo wonse) ndi sparse table (tebulo la mayankho okonzeratu) imayankha mu O(1), nthawi yosadalira kukula kwa mtengo, potsata njira yomwe Bender ndi Farach-Colton anaifewetsa mu 2000, pambuyo pa ntchito ya Harel ndi Tarjan ya 1984. Liwiro ndiye lilipo, koma mndandanda umafika 2n − 1, ma index amasokoneza, ndipo mtengo ukasintha mumamanganso. Njira ina, ya Tarjan ya union-find (yophatikiza ma node m'magulu), imafuna kuti mafunso onse mukhale nawo m'manja musanayambe.

Ine pa funso limodzi ndimalemba recursion, ndikuyamba ndaona ngati p ndi q alimodi. Mafunso akafika masauzande ndimatenga binary lifting, ndipo Euler tour ndimaitulutsa pokhapokha nthawi ya mpikisano wolemba mapulogalamu ikandipanikiza.