Masewera oponya nkhata pa zikhomo: matabwa, mapaipi, mabotolo kapena chitsulo chokhoma pansi?

Ambiri akafuna kupanga masewerawa amathamangira kudula thabwa ndi kuika zikhomo, za nkhata n'kumaziganizira pamapeto. Zinthu zimasokonekera pomwepo. Nkhata ndi imene imalamula zonse: kunenepa kwa chikhomo, mpata wa pakati pa zikhomo, ngakhalenso kulemera kwa tsinde lomwe zikhomozo zaimapo. Choncho tiyambe ndi nkhatazo.

Pali nkhata za chingwe, za paipi yothiririra mbewu, ndi za pulasitiki yolimba zogula. Za pulasitikizi tisachedwe nazo. N'zopepuka, mphepo imazikankha, ndipo zikagunda chikhomo zimanjanja n'kukagwera uko. Munthu waponya bwinobwino, nkhata yalowa, koma yatulukanso. Ana amagwa nazo ulesi msanga.

Chingwe sichitero. Chikagunda chikhomo chimafooka pomwepo n'kutsetserekera pansi. Chabwino ndi cha khonje chonenepa mamilimita 12 kapena 16. Chochepera mamilimita 10 sichisunga maonekedwe, nkhata imapindika ili m'mwamba n'kufika itatsekeka ngati nambala 8. Poyeza utali, musaiwale kunenepa kwa chingwecho. Mukafuna nkhata ya bowo la masentimita 15 ndi chingwe cha mamilimita 12, phatikizani 15 ndi 1.2, muchulukitse ndi 3.14, mupeza masentimita 51. Amene amangochulukitsa 15 yekha amadula masentimita 47, bowo n'kutuluka losakwana 14. Musanadule, kulungani tepi pamalo odulawo kenako mudule pakati pa tepiyo, apo ayi nsonga zimasuka nthawi yomweyo.

Polumikiza nsonga m'pamene nkhata za chingwe zimasiyanirana. Njira yachidule ndi kugundanitsa nsonga ziwirizo, kupaka guluu, n'kukulunga mwamphamvu ndi ulusi wolimba masentimita 5 kapena 6. Imagwira, koma pamfundopo m'pamene padzayambe kuthyoka, komanso nkhata imalemera mbali imodzi. Chingwe cha nailoni mutha kuchisungunula nsonga ndi moto n'kuzimata, muli panja komanso mutavala magolovesi, chifukwa nailoni yosungunuka ikamatirira pakhungu imaotcha koopsa. Vuto lake, pomatapo pamauma gwa ngati mwala, ndipo chingwecho n'choterera m'manja. Njira yoposa zonse ndi yopota nkhata yopanda mfundo. Dulani chingwe chopota patatu chotalika masentimita 180, muchimasule kuti mukhale ndi tizingwe titatu. Tengani kamodzi, pindani mkombero wa kukula komwe mukufuna chapakati pake, kenako muzizunguliza nsonga motsatira mapindikidwe omwe kachingweko kali nawo kale, mpaka kazungulire katatu. Nsonga zotsala muzisomeke pansi pa tizingwe tinzake n'kudula. Chingwe cha masentimita 180 chija chikupatsani nkhata zitatu, pamene njira yogundanitsa ikadadya masentimita 153, ndiye kusiyana kwa chingwe n'kochepa. Chimene imafuna ndi kudekha. Yoyamba imatuluka yokhota ndithu, yachitatu m'pamene dzanja limazolowera. Njirayi imayenda ndi khonje, lomwe limasunga mapindikidwe ake. Nailoni ikamasulidwa imangoti lende.

Paipi yothiririra ili pakatikati. Siopa mvula ngati khonje, lomwe likanyowa limafufuma n'kuchita nkhungu. Paipi ya bowo la mamilimita 13 muidule masentimita 53, muiviike m'madzi otentha kuti ipindike osathyoka khosi, mulowetse kamtengo ka masentimita 5 theka uku theka uku, n'kukulunga tepi. Imanjanjabe kuposa chingwe. Mukathiramo mchenga pang'ono kunjanjako kumachepa, koma ikalasa munthu pamsana pa phazi imapweteka, ndiye si ya ana aang'ono.

Tsopano tsinde. Lamatabwa lopingasa, la zikhomo zisanu, ndilo lofunika ntchito yambiri, ndipo ndilo lokhalitsa. Pamafunika matabwa awiri a mamilimita 38 kwa 89, otalika masentimita 60 lililonse, ndi zikhomo zisanu zonenepa mamilimita 25, zotalika masentimita 25. Ndodo ya mopu imakwanira bwino ngati ili yowongoka. Ena amasankha thabwa lopyapyala la mamilimita 19 poti n'losavuta kudula, koma bowo lake limakhala losaya, chikhomo chimangogwira pang'ono, ndipo pakapita masiku chiyamba kugwedera. Nkhata iliyonse imagunda chikhomo kumutu, choncho mphamvu yonse imakathera kutsinde, monga mmene munthu amagwedezera mtengo akafuna kuuzula.

Pakati pa thabwa lililonse gobani mpata wa mamilimita 89 m'lifupi ndi 19 kuya, lina pamwamba, lina pansi, kuti akalowana akhale ofanana msinkhu. Chekani ndi sowo mizere ingapo mumpatamo musanayambe kusema ndi tchizulo, mukapanda kutero thabwa ling'aluka kupitirira mzere. Mukangosanjikiza matabwawo osagoba, lapamwambalo limakhala m'malere ndipo tsinde lonse limapendama, pokhapokha mutaikira timapazi kunsonga zake. Mabowo a zikhomo zakunja akhale masentimita 5 kuchokera kunsonga, kuya mamilimita 25. Zikatero chikhomo chilichonse chakunja chimatalikirana ndi chapakati masentimita 25, mpata wokwanira kuti nkhata ya bowo la 15 igone pansi osakhudza chikhomo china. Mukazithinanitsa kufika masentimita 12, nkhata imodzi itha kuvala zikhomo ziwiri, mkangano wa mapointi n'kuyambika. Bowo lapakati lidutse thabwa lapamwamba n'kulowa m'lapansi, chifukwa pamenepo lapamwambalo latsala ndi mamilimita 19 okha. Chikhomo chapakaticho chimakhala ngati loko wa matabwa onse awiri.

Musanaboole thabwa lenileni, yesani kaye pa chidutswa. Ndodo yomwe amaitchula kuti ya mamilimita 25 nthawi zina imakhala 24 kapena 23, ndipo guluu wa matabwa sadzaza mpata, amangogwira pomwe matabwa akhudzana. Chikhomo chizilowa mochita kugogoda. Guluu akhale wosaopa chinyezi, wolembedwa D3 kapena D4. Kunsi kwa chikhomocho mangani sikuluwu ya mamilimita 50, koma muyambe mwaboola kabowo ka mamilimita 3 m'chikhomomo. Sikuluwu yolowa kunsonga kwa ndodo popanda kabowo imaing'amba pakati. Mutu wa sikuluwu ubisike m'thabwa kuti usakande simenti. Mitu ya zikhomo muikwechese ndi sandipepa mpaka ikhale yobulungira, chifukwa mutu wa m'mphepete mwakuthwa umakola ulusi wa khonje. Penti ipakidwe zonse zitalumikizidwa, kapena ngati mukupenta kale, siyani mbali yolowa m'bowo, poti guluu sagwira pa penti. Nsonga za matabwa ndizo zimamwa madzi kwambiri, muzipake kawiri kapena katatu. Tsinde lotere la paini limalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka, ndipo kulemerako kuli pansi penipeni. Siligubuduka wamba.

Tsinde la mapaipi a PVC limapangika msanga, ola limodzi silikwana, ndipo sipafunika chobowolera. Cholumikizira cha makomo asanu, chomwe chingapereke mtanda wa chikhomo pakati, sichipezeka pa zipangizo wamba za madzi, ndiye ndi bwino kupanga ngati chilembo H. Paipi ya mamilimita 25 yotalika mamita atatu ikwanira: zidutswa 6 za masentimita 18 za pansi, ndi 5 za masentimita 25 za zikhomo. Onjezani zolumikizira za T zitatu, ma elibo (zolumikizira zokhota ngati chigongono) anayi ndi zotsekera zisanu. T imodzi ikhale pakati yoloza kumwamba, ziwiri zigone kunsonga za msana wa H, ma elibo akhale kumapeto kwa mikono inayi.

Ubwino wa PVC ndi woti mutha kuzula zikhomo n'kusunga zonse m'thumba, komanso chiswe ndi mvula sizimukhudza. Koma ali ndi matenda awiri. Oyamba, zolumikizira zosamata zimazungulira. Nkhata zikagunda kangapo mudzaona zikhomo zitaweramira kumbuyo chimodzichimodzi. Mankhwala ake ndi kumata ma elibo ndi ma T ndi guluu wa PVC, zikhomo zokha n'kuzisiya zosamata. Guluuyu amagwira pa masekondi ochepa, ndiye lowetsani chikhomo mu elibo kuti muone ngati chawongoka musanasiye. Achiwiri ndi kupepuka. Anthu amati thiranimo mchenga, ndipo n'zoona umathandiza, koma musayembekezere zambiri: mita imodzi ya paipi imeneyi imalowa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a lita, mchenga wa theka la kilogalamu basi. Pa kapinga amakhazikika, pa simenti amatsetsereka nkhata ikangomugunda, pokhapokha mutayala kapeti kapena kutsamiritsa kathumba ka mchenga pamsana pake. PVC yokhalitsa padzuwa imauma n'kuyamba kusweka, ndipo zidutswa zake n'zakuthwa. Penti imateteza, bola muyambe mwakwecha paipiyo kuti igwire.

Mabotolo a mukireti ndi masewera ena ndithu, ngakhale dzina n'limodzi. Palibe chodula kapena chomata. Koma makosi a mabotolo amayandikana kwambiri, moti nkhata ya masentimita 15 imangogona pamwamba pa mabotolo awiri kapena atatu. Pamafunika tinkhata ting'onoting'ono. Kukamwa kwa botolo la zakumwa kumakhala pakati pa mamilimita 26 ndi 28, ndipo m'malo a zisangalalo amapereka tinkhata ta pulasitiki yolimba tongoposa pang'ono pamenepo, n'chifukwa chake kupambana kumeneko kumavuta chonchija. Kunyumba pangani ta bowo la masentimita 7 kapena 8 ndi chingwe cha mamilimita 8, ndipo muzidumphitsa malo amodzi mukiretimo kuti makosi atalikirane. Mabotolo agalasi amaima nji komanso amalira bwino nkhata ikalowa, koma pabwalo lomwe ana amayenda opanda nsapato ndi osayenera. Apulasitiki adzazeni. Lita ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ya mchenga wouma ndi pafupifupi kilogalamu ndi theka, ndipo mchenga sutayikira botolo likabooka.

Chikhomo chokhoma m'nthaka ndicho chosavuta kuposa zonse, komanso ndicho choopsa kuposa zonse. Chitsulo cha konkire cha mamilimita 16, chotalika masentimita 50, mukachikhoma masentimita 30 pansi n'kuchipendeketsa pang'ono kuloza kwa woponya, sichisuntha ngakhale nkhata ikhale yolemera bwanji. Kumpoto kwa England, m'masewera a quoits, amaponya nkhata zachitsulo za makilogalamu pafupifupi awiri ndi theka pa mtunda wa mayadi 11, pafupifupi mamita 10, ndipo chikhomo chimakhala pakati pa dothi la dongo lofewa kuti nkhata ikagwa imire pomwepo osanjanja. Nkhani yake ndi yomwe ija ya chingwe ndi pulasitiki. Koma pabwalo la pakhomo, chitsulo chotuluka masentimita 20 ndi msampha kwa wothamanga, makamaka kukada. Hamala imaphwanyanso mutu wa chitsulocho n'kusiya m'mphepete mwakuthwa, choncho khomani mutaika chidutswa cha thabwa pamwamba, kenako muveke chitsulocho paipi yothiririra yotalika kuposa icho. Mudziwe kaye komwe mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi adadutsa musanakhome, ndipo mukatha kusewera zulani. Pa simenti njira imeneyi palibe.

Poziika pamodzi, tsinde lamatabwa ndi nkhata za khonje zopota ndizo zimagwirizana bwino, pa kapinga ndi pa simenti pomwe, kungoti zonse ziwiri zimafuna kulowa m'nyumba mvula ikamabwera. Mapaipi a PVC ayende ndi nkhata za chingwe cha mamilimita 12, osati za paipi yamchenga, zomwe zimawagwetsa. Chitsulo chokhoma pansi ndicho chimapirira nkhata zolemera, ndipo n'cha akuluakulu okhaokha. Mabotolo ndi a tsiku limodzi, pomwe alendo abwera ndipo nthawi yopala matabwa palibe.

Nkhata zikhale zisanu ndi imodzi, zitatu za mtundu umodzi ndi zitatu za mtundu wina, kusiyanitsa kwake ndi tepi kapena ulusi. Musaziviike mu penti, khonje lopentedwa limauma gwa n'kuyamba kunjanja ngati pulasitiki ija. Mzere woponyera ukhale mita ndi theka kwa ana, mamita atatu mpaka anayi kwa akuluakulu. Masewera akayamba kuphweka, bwezani mzerewo m'mbuyo theka la mita. Kuchepetsa bowo la nkhata kumangochulukitsa zogunda n'kutuluka, pomwe kutalikitsa mtunda kumafuna kuti woponya akweze nkhata m'mwamba kuti itsike chogona, itazungulira pang'ono kuchoka kudzanja.