Bokosi la tizilombo lomwe ndapangitsa ku Ulongue

Sabata yatha ndakatenga bokosi langa la galasi kwa bambo uja amakonza tizilombo pafupi ndi msika wa Ulongue, ndimati ana a kusukulu kwathu aone ndi maso zomwe zikumadya chimanga kuno ku Angónia. Abale ntchito yake ndi yaukhondo zedi. Agulugufe anawatambasula mapiko pa thabwa lofewa nkuwapanikiza ndi timapepala, anati masabata awiri kuti aume bwino, ndiye ine ndinali ndi phuma koma pano ndaona kuti amanena zoona, phiko lililonse lili chilili osapindika olo pang'ono. Zikumbu pini anabaya pa phiko lolimba la kumanja osati pakati, ndipo chilichonse chili ndi kapepala kake pansi, malo omwe chinagwidwa ndi tsiku.

Chandisangalatsa kwambiri nkagulugufe ka mbozi zija zinatisautsa kuyambira 2017, kotuwa kosaoneka bwino, ana sanakhulupirire kuti kameneka ndi kamene kamaikira mazira pa masamba a chimanga. Mbozi yeniyeniyo anaika mu kabotolo ka spiriti, akuti ukaibaya pini imangofota.

Chondidandaulitsa ndi chivundikiro, sichikutseka bwinobwino kona imodzi ndipo nyerere zinalowa usiku umodzi wokha nkudya mimba ya chiwala changa chachikulu, mtima unandiwawa. Ndinabwerera, anamata mpatawo nkundiwonjezera timibulu ta naphthalene, mankhwala othamangitsa tizilombo, osalipiritsa. Mukapangitsa lanu yesani kaye chivundikirocho musanapereke ma metikali anu, makamaka dzinja lino chinyezi chachuluka nkhungu sichedwa kugwira.