Kalesitilanti ka nsima ku Kabwata: fikani miphika isanazizire

Ambiri ochokera ku Malawi akatsika basi pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka, m'dziko la Zambia, atayenda ulendo wa Mchinji, Mwami ndi Chipata, amathamangira kukadya tchipisi m'mamolo a Manda Hill kapena Levy Junction. Chakudya chenicheni cha Lusaka chili m'makomboni ndi m'misika. Kalesitilanti kamene tikukamba kali ku Kabwata, pang'ono kuchokera mumsewu wa Burma, dera lomwe kuli Kabwata Cultural Village. Ndi nyumba wamba yomwe anaisandutsa malo odyera: matebulo ochepa mkati, ena pakhonde, mbaula kuseri. Akakudziwani kamodzi, ulendo wachiwiri amakufunsani za kumudzi.

Pano palibe pepala la zakudya. Mumasamba m'manja, kupita pomwe pali miphika, mayi amene akupakula amavundukula umodzi umodzi, inu n'kuloza. Mtengo umatsata ndiwo yaikulu, kaya ndi nkhuku, nsomba kapena nyama ya ng'ombe, ndipo mitanda iwiri ya nsima ndi masamba zimabwera pa mtengo womwewo. Funsani mtengo musanakhale pansi. Chinyanja cha mu Lusaka n'chosakanikirana ndi Chibemba, koma mukati "Ni zingati, amayi?" mwamvana kale.

Nsima imene amaomola mukapanda kunena ndi ya ufa wa breakfast, woyera ndi wosalala. Ndi yabwino, yopanda timibulu, koma kwa munthu wozolowera mgaiwa siikhalitsa m'mimba. Pemphani ya roller. Imayandikira mgaiwa, ili ndi fungo la chimanga, ndipo imagwirizana bwino ndi ndiwo zotendera. Vuto ndi loti amaphika mphika umodzi wokha wa roller, ndiye imatha msanga.

Chimene chikuyenera kukufikitsani kuno ndi ifisashi, ndiwo zathu zomwe zija zotendera. Amaphika ndi chibwabwa, ndiye kuti nkhwani, ndipo masiku ena katapa, chomwe ife timati chigwada. Luso lawo lili pa nsinjiro. Amasinja mtedza wosakazinga n'kuusefa bwino, amathira masamba atayamba kufewa, kenako amachepetsa moto ndi kusiya mphika uphike mpaka msuzi utagwirana. Nsinjiro zikathiridwa pa moto waukulu zimapserera pansi pa mphika ndipo ndiwo zonse zimawawa utsi. Zikachotsedwa pamoto msanga zimanunkha uwisi ndipo zimatupitsa mimba. Kuno zonse ziwirizi amazipewa. Nkhwani wake amausenda mokwanira, simupeza ulusi wokakamira m'mano. Kalembula, kholowa wathu uja, amangomukazinga ndi tomato ndi anyezi, ndipo amakoma akangochoka pamoto. Impwa, timabiringanya ting'onoting'ono towawira, si aliyense angatikonde. Lawani kaye kamodzi.

Kapenta, tinsomba touma tonga usipa, alipo wa mitundu iwiri ndipo ndi bwino kufunsa. Wa ku Siavonga amachokera m'nyanja ya Kariba, ndi wamng'ono ndipo amauma bwino akakazingidwa. Wa ku Mpulungu ndi wa m'nyanja ya Tanganyika, wokulirapo ndi wa mnofu, ndiye amene wozolowera usipa angamukonde. Nsomba yake ndi imodzimodzi, popeza ya ku Kariba anachita kuitenga ku Tanganyika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma pakamwa zimasiyana. Apa pali cholakwika chimodzi chobwerezabwereza: wa ku Mpulungu samamuviika mokwanira m'madzi ofunda asanamuphike, ndiye masiku ena mchere umapitirira ndipo kamchenga kamamveka. Mphindi khumi zoviika ndi kutsuka kawiri zikanathetsa vutoli.

Nkhuku ya chikuda ndi yabwino ndithu, yophikidwa nthawi yaitali ndi msuzi wochepa wosathira madzi ambiri. Ya chizungu yokazinga ilekeni, imauma chifukwa amaikazinga m'mawa n'kuibwezeranso m'mafuta masana. Nsomba ya bream, yofanana ndi chambo ngakhale kakomedwe sikafika pa cha ku Mangochi, muidye ngati mwaiona ikuikidwa pa makala inu muli pompo. Chikanda, chomwe kwathu ena amati chinaka, amagulitsa padera m'tizidutswa, ndipo chili ndi tsabola wokwanira.

Nthawi ndi imene imasiyanitsa chakudya chabwino ndi chokhumudwitsa pamalowa. Miphika imapsa cha m'ma 12 koloko. Pofika 1 koloko, yomwe kuno amati 13 hours, ogwira ntchito m'maofesi amadzaza ndipo mungadikire tebulo. Ikadutsa 2 koloko zotsala ndi zotenthetsanso, ifisashi imakhala italimba ndipo nsima yayamba chikhokho. Madzulo saphika zatsopano. Magetsi akathima kuphika sikuima popeza ndi pa makala, koma zakumwa zimakhala zofunda, ndipo munkoyo, chakumwa chofanana ndi thobwa, umasasa msanga tsiku lotentha. Funsani ngati ndi wa lero.

Pa ukhondo akuyesetsa. Madzi osamba m'manja ndi a m'ndowa ya mpopi, sopo alipo, sagwiritsa beseni limodzi anthu onse, ndipo miphika imakhala yovundikira. Izi n'zofunika mu mzinda umene kolera anavuta kwambiri kumayambiriro kwa 2024. Madzi akumwa gulani a m'botolo, makamaka nyengo ya mvula. Chimbudzi ndi chimodzi chokha ndipo masana pamakhala mzere.

Makwacha a ku Malawi salandira, khadi la kubanki ayi. Amalandira ndalama za ku Zambia pamanja, kapena Airtel Money ndi MTN ya nambala ya konkuno. Sungani ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenje chimavuta anthu asanachuluke. Malo oimika galimoto ndi a magalimoto awiri kapena atatu basi, choncho kuchokera m'tauni kwerani minibasi ya ku Chilenje yodzera mu Burma kapena itanani takisi ya pafoni ya Yango.