Chambo cha kuseri kwa msika wa Limbe, ndi Lachinayi limene tinadya nyemba

Ine ndinakulira kunyanja, kufupi ndi Monkey Bay, ndiye pa nkhani ya nsomba munthu sangandipusitse. Ndikangoyang'ana diso lake n'kudina pamimba ndi chala, ndimadziwa ngati yavuulidwa dzulo kapena yagona masiku atatu m'madzi oundana. N'chifukwa chake malo ambiri odyera muno mu Blantyre ndimangoitanitsa nkhuku. Koma pali kanyumba kena kuseri kwa msika wa Limbe, kopanda n'chikwangwani chomwe, kumene ndakhala ndikudyako nkhomaliro pafupifupi chaka tsopano.

Malowo ndi ochepa: matebulo anayi, mabenchi, ndowa ya madzi osamba m'manja pakhomo, ndi mbaula ziwiri panja. Mukafika 12 koloko itadutsa mudikira, ndipo utsi wa makala umakulowani m'zovala moti kuofesi amadziwa kumene mwachokera. Mwini wake ndi mayi wa ku Makanjira, wosalankhulalankhula. Chambo amachiwamba pang'onopang'ono, mchere ndi mandimu basi, mpaka khungu lichite khirikhiri koma mkati muli mofewa, mnofu wake ukuchoka wokha pa minga. Mutu sataya ayi, amakuikirani pambali ndi kamsuzi ka tomato, ndipo amene amadziwa kudya chambo amayambira pamenepo. Kampango wamsuzi ndiye wabwino koposa, wamafuta ake omwe, wosathira zambirimbiri. Usipa wofutsa ulipo tsiku lililonse. Nsima ndi ya ufa woyera, koma mukanena dzulo lake amakuphikirani kondowole. Kambuzi wawo samalani naye.

Masamba okha ndiwo amandikhumudwitsa. Mpiru umabwera utapsa mopitirira, wotuwa, ngati waphikidwa m'mawa n'kuiwalika pamoto. Mtengonso si wa munthu wofuna kungodzaza mimba, ndipo umasintha osachenjeza.

Lachinayi lina m'mwezi wa Julayi ndinapita ndi mnzanga wa kuntchito amene ndinali nditamutamira malowa sabata yonse. Tinapeza mbaula imodzi yokha ikuyaka.

"Achemwali, lero ndiwo ndi nyemba ndi usipa. Chambo chafika, koma sindingakupatseni."

"Bwanji amayi, chatha?"

Anatsegula bokosi la ayisi n'kundionetsa. Munali madzi okhaokha ofiirira, nsomba zili nyowenyowe, maso atachita mtambo. Akuti boti lobweretsa nsombazo linachedwa kunyamuka chifukwa cha mwera, kenako pagombe panali chipikisheni, kuwerenga anthu ndi kumasula katundu yense. Pamsewu napo galimoto inaimitsidwa kangapo, paliponse bokosi litsegulidwe, dzuwa likuwomba. Kuchoka ku Mangochi kudzera ku Liwonde ndi Zomba mpaka ku Limbe si ulendo woti nsomba n'kuwolera panjira, koma ayisi sadziwa kudikira. Wina akanazikazinga m'mafuta ambiri, kuthira tsabola, ife n'kudya osadziwa, zotsatira zake n'kukazionera kunyumba. Iwo anataya ndalama yawo. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudina nsomba zawo pamimba.

Nyembazo tikudya, anatifotokozera za mlongo wawo amene amawatumizira nsombazi. Makanjira ali kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, Mozambique ili pafupi kwambiri, ndipo anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi: Chiyao chimodzi, maukwati, maliro, mizikiti. Koma pamadzi pali malire amene maso saona. Mu 1954 Britain ndi Portugal anagwirizana kuti m'chigawo chimenecho malire adutse pakati pa nyanja, n'chifukwa chake Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba zathu koma zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Msodzi akamatsata usipa usiku ndi nyali, ukonde wa chilimira uli m'madzi, mphepo ikumukankha, sadziwa kuti wadumpha liti. Mlongo wawoyo akuti anagwidwapo kamodzi, analandidwa maukonde ndi injini, ndipo kuti aziwombole anagulitsa mbuzi zonse. Alovi ake asanu ndi mmodzi, anyamata omuthandiza kusodza, anakhala mwezi wathunthu pagombe akungosewera bawo. Mwezi umenewo ndi umene kuno ku Limbe mtengo wa mbale unakwera, ine n'kumadandaula osadziwa kumene zachokera.

Kumpoto nkhani yake ndi ina. Malawi amagwira pangano la Heligoland la 1890, la pakati pa Britain ndi Germany, lonena kuti malire ndi Tanzania ali m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, pamene Tanzania imati ali pakati pa madzi. Mkanganowu unabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta pansi pa nyanja, mpaka a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, analowererapo ngati mkhalapakati. Zimenezi timazimva pa wailesi ngati za akuluakulu, koma wodzuka 3 koloko usiku kukakwera bwato ndi amene amayamba kuona boti la asilikali.

Musandimve molakwa, chipikishenicho sindikuchida. Ndinaonapo ndi maso anga boti litadzaza anthu, matumba a chimanga ndi njinga pamwamba, madzi atatsala pang'ono kulowa, popanda ndi jekete limodzi lomwe lopulumutsira. Mu 2012 momwemo anthu oposa 40 ochokera kumaiko a kumpoto chakum'mawa kwa Africa kuno, amene ankawolotsedwa mozemba, anamira ku Karonga. Kukhala popanda woyang'ana pamadoko, maliro otere angachuluke. Walira mvula walira matope. Chimene chimandipweteka n'chakuti amene amazembetsa zinthu zenizeni sadutsa padoko masana, amakocheza usiku pamalo opanda anthu. Woima pamzere ndi mayi wa bokosi limodzi la chambo, ndi gogo wopita kuchipatala, ndi mwana wasukulu wobwerera kwawo. Ndili mwana tinkathamangira kudoko Lachisanu kukaona Ilala ikunyamuka, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951, ndipo amayi anga ankagulitsa mandasi pafupi penipeni ndi pokwerera. Nditapitako komaliza ogulitsa onse ndinawapeza kunja kwa mpanda.

Tibwerere ku mbale. Ngati mukufuna chambo, pitani Lachiwiri kapena Lachisanu, ndiwo masiku amene katundu amakonda kufika, ndipo fikani isanakwane 12. Nyengo ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, khalani okonzeka kudya zimene mwapeza. Kuyambira Novembala, boma likatseka usodzi wa makoka kuti chambo chiswane, mayiwa sagulitsa chambo ngakhale muwanyengerere bwanji. Ndinawayesapo, anangondiseka n'kundiikira mlamba wowamba wothira nsinjiro. Ndalama amalandira ya m'manja kapena ya pafoni. Malo oimikapo galimoto palibe, ndipo mvula ikagwa kanjira kake ndi matope okhaokha, valani nsapato zoti simuzimvera chisoni.

Mnzanga uja anabwereranso yekha Lachisanu lotsatira. Anandiimbira ali pomwepo, pakamwa pali podzaza, kufunsa ngati diso la chambo limadyedwa. Ndinamuuza kuti apatse amayiwo foni, andisungire mutuwo.